Pa benchi ya atenala

Kalata yanga ya mpingo inagona m'sutikesi miyezi 7. Ndinachoka nayo kwathu ku Dowa, kufupi ndi Mvera, pobwera ku Blantyre kudzayamba ntchito. Abusa pondipatsa anandilangiza kuti ndikangofika ndikaipereke msanga, chifukwa Mkhristu wopanda pokhala amazilala osadziwa. Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinali nditaganiza kale zina. Ndinkafuna kusankha ndekha, ndipo ndinkafuna kusankha ndi khutu.

Ndinakulira mu Sinodi ya Nkhoma, m'dera lomwe amishoni a Dutch Reformed anayambira ntchito yawo mu 1889. Kuyambira ku Sande sukulu anthu ankandiuza kuti ndili ndi mawu. Nyimbo ndinkangoimva kawiri, kachitatu ndili pamwamba pa onse. Palibe anandiphunzitsapo kuwerenga nyimbo papepala, ndipo sindinkaona chifukwa chake. Choncho nditafika m'tauni ndinadziuza kuti mpingo wanga udzakhala umene kuyimba kwake kudzandigwire mtima.

Ndinayendadi. Lamulungu lina ndinali m'kalasi ya sukulu ina ku Ndirande, komwe abale a Chipentekoste ankapempherera, kiyibodi ikulira, achinyamata atagwira maikolofoni, thukuta lili kamukamu. Sabata yotsatira ndinali pa Misa, ng'oma ndi visekese zikuyankhana, mpingo wonse ukuyenda pamodzi ngati madzi a mumtsinje. Loweruka lina mnzanga wa kuntchito ananditengera kwa a Adventist, ndipo anyamata anayi anayimba popanda choyimbira chilichonse mpaka tsitsi linandiima. Ndinakalowanso mu St Michael and All Angels, tchalitchi chija mmishoni David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, iye asanaphunzirepo zomangamanga. Mawu m'makoma a njerwa aja amakwera mwa mtundu wina.

Konseko kunali Mulungu, ndipo konseko anandilandira bwino. Vuto linali ine. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, n'kumayeza kwaya ngati munthu wosankha tomato pamsika wa Limbe: apa asopulano akuwa, apa besi ndi yochepa, apa kiyibodi yaphimba mawu. Akati alendo aimirire, ine ndinkawerama ngati ndikufuna vesi. Miyezi 7 inatha popanda munthu mmodzi wa mpingo uliwonse wodziwa dzina langa.

Chinandiimitsa ndi malungo. Ndinagona masiku 5 m'kachipinda kanga ka lendi, ndipo amene anagogoda anali alandilodi okha, mayi wachikulire wa Mvano. Tsiku lachitatu anabwera ndi amayi ena atatu a kumlaga kwawo. Anakhala pamkeka, anawerenga Salimo, n'kuyamba nyimbo imodzi ya m'buku. Mmodzi anaiyamba pamwamba kwambiri, wina ankatsalira. Ndikanakhala pa benchi yanga ya kumbuyo ndikanawapatsa malikisi ochepa. Koma ndinali pa bedi, ndikunjenjemera, ndipo ndinalira. Nditachira ndinatsatira mayi aja kutchalitchi kwawo, mpingo waung'ono wa CCAP mu Sinodi ya Blantyre, n'kupereka kalata ija kwa alembi a mpingo. Kwathu amayi a chigulu chija timawatchula a Chigwirizano, kuno ndi a Mvano, kumpoto ndi a Umanyano, koma kalata inalandiridwa popanda funso, pakuti Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Nkhoma n'kulowa mu 1926.

Tsopano ndifike pa zomwe ndikufuna kulemba, sukulu yomwe ndinalowa osadziwa kuti ndi sukulu.

Kwaya imakumana Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo. Woitsogolera ndi bambo wina amene anapuma pa uphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo tonse timangoti aphunzitsi. Tsiku loyamba anandiyimbitsa kukwera ndi kutsika, kenako anandilozera benchi ya atenala. Anandipatsa pepala. Ndinayembekezera mawu a nyimbo, koma pamwamba pa mawuwo panali timizere ta zilembo: d, r, m, f, s, l, t, ndi timadontho ndi timitengo toimirira. Anzanga anayamba kuyimba zilembozo ngati akuwerenga nyuzipepala. Ine, amene kwathu ndinkatsogolera, ndinangokhala duu.

Imeneyo ndi solofa. Zilembo 7 zija ndi mayina a makwerero a mawu: do, re, mi, fa, so, la, ti, kenako do wina pamwamba. Chimene chinanditengera nthawi kumvetsa n'chakuti do alibe malo amodzi. Pamwamba pa pepala amalemba kuti do ndi G, kapena F, ndipo kuyambira pamenepo makwerero onse amasamuka naye. Kutalika kwa pakati pa do ndi so sikusintha, kaya mwayambira pansi kaya pamwamba. Ndiye chimene munthu amaphunzira si mawu amodziamodzi ayi, koma mtunda wa pakati pawo. Ukadziwa m'khutu mwako mmene do amalumphira kupita pa mi, kapena so kubwerera pa do, ungathe kuyimba nyimbo yomwe sunaimvepo chibadwire. Tsiku lomwe zimenezi zinandichitikira koyamba, mzere umodzi wokha wa nyimbo yachilendo, ndinayenda wapansi kubwerera kunyumba ndikuubwereza, kuopa kuti ndikakwera minibasi uthawa.

Timadontho tija ndi nthawi. Kamtengo koimirira kamatsekera chigawo, madontho awiri amalekanitsa kugunda kumodzi ndi kunzake, dontho limodzi limadula kugundako pakati, ndipo kamzere kogona kamatanthauza kuti gwira mawu omwewo, usawasiye. Pakakhala mpata wopanda chilembo, khala chete. Kanambala kakang'ono m'munsi mwa chilembo kamakutsitsira ku makwerero a pansi, kakakhala pamwamba ukwere. Ndinagula kope la masamu, la timabokosi, n'kumakopera nyimbo iliyonse ndi dzanja langa. Aphunzitsi amakana kuti tizingojambula pepala ndi foni. Amati dzanja likalemba, khutu limamva. Poyamba ndinkaona ngati n'kuuma mtima kwa anthu akale, koma nyimbo zomwe ndinakopera ndizo ndimazikumbukira.

Ndinafufuzanso kuti zilembozi zinachokera kuti. Ambiri mwa mayina a makwererowa anayamba ndi Guido, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Arezzo ku Italy, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, pofuna kuti oyimba a m'tchalitchi asamatenge zaka akuloweza. Ku England, mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, anakonza njira yophunzitsira ana, ndipo ndiye anasintha dzina lachisanu ndi chiwiri kukhala ti, kuti lisayambe ndi s ngati so, kuti chilembo chilichonse chiziimira mawu amodzi okha. M'busa John Curwen anaitenga njirayo m'zaka za m'ma 1840 n'kuifalitsa m'masande sukulu. Amishoni anabwera nayo kuno pamodzi ndi sileti ndi choko. Chinandikhudza n'chakuti njirayi anaipangira anthu wamba, osowa ndalama ya piyano. Siifuna magetsi, siifuna makina apadera osindikizira. Bolodi ndi choko basi. N'chifukwa chake mpaka lero magetsi akazima pakati pa pulakatisi, achinyamata a kiyibodi amapinda manja, ife n'kumapitiriza. Sindikunyoza kiyibodi, ndimaikonda, ndipo yakokera ana ambiri m'tchalitchi. Koma zimandipweteka kuona mnyamata waluso amene sangayambe nyimbo pokhapokha chala cha wina chimuuze poyambira.

Kuwerenga kunali kovuta, koma kunali kwa m'mutu. Chovuta chenicheni chinali cha mumtima. Moyo wanga wonse ndinkayimba mawu otsogolera, amene aliyense amawadziwa. Tenala satsogolera. Nthawi zina umakhala pa so mzere wonse, osasuntha, asopulano akukwera ndi kutsika mokoma pamwamba pako. Khutu langa linkathawira kwa iwo, ndipo ndisanazindikire ndinali nditasiya mzere wanga. Ndikaugwira, ndinkaugwira mokuwa kuti ndisasocherenso. Lachisanu lina aphunzitsi anaimitsa kwaya yonse, anayenda mpaka pa benchi yathu, n'kundifunsa motsitsa mawu: "Achimwene, amene ali kumanzere kwanuwa mukuwamva?" Ndinati ayi. "Ndiye kuti mwakweza. Tsitsani mpaka muwamve."

Kumanzere kwanga kumakhala bambo wina wokonza njinga, mawu ake aang'ono, osasa pang'ono. Ndinatsitsa. Ndinawamva. Ndipo ndinamva chinthu china chimene ndinali ndisanachimvepo ndili mkati mwake: mawu anayi atakumana bwinobwino, do kwa abesi, so kwa ife, mi kwa aalto, do wapamwamba kwa asopulano, mpweya wa m'chipindamo umachita ngati ukunjenjemera wokha. Miyezi yonse ija ndinkafunafuna chimenechi ndili pakhomo. Bambo wa njinga uja sanaphonyepo kugunda ngakhale kamodzi m'chaka chonse chomwe ndakhala pambali pawo, ndipo ndimapuma pomwe iwo apuma.

Phunziro lina linabwera pa mawu enieniwo. Aphunzitsi salola kuti tiyimbe nyimbo tisanaiwerenge mokweza ngati kalata, osayimba. Kumeneko ndiko ndinazindikira chifukwa chake nyimbo zina za m'buku zimakhala ngati malaya obwereka. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake m'kalankhulidwe. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, chimasiyanitsa ndi kukwera kwa mawu. Komanso ife timakoka kachigawo kachiwiri kuchokera kumapeto: timati Mu-LU-ngu, chi-KO-ndi. Nyimbo zambiri zochokera ku Ulaya zimagwetsa mphamvu pa kachigawo komaliza, ndiye timapezeka tikukoka "ngu" ndi "ndi", zomwe palibe Mchewa angachite polankhula. Tinazolowera, ndipo nyimbozo ndi zathu tsopano, agogo athu anaikidwa nazo m'manda. Koma woyimba akadziwa zimenezi amafewetsa pomwe nyimbo ikumukakamiza kugunda, kuti mawu amveke ngati a munthu. Akale anaiona nkhaniyi. Kumpoto, mmishoni Donald Fraser ali ku Embangweni ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni, monga Mawelera Tembo, kupeka nyimbo zachikhristu pa mayimbidwe a makolo awo, wina kutsogolera, gulu kuyankha. Tikayimba nyimbo zopekedwa kuno, ngakhale agogo osawerenga amalowa pa mzere wachiwiri popanda wowauza.

Ndinkaganiza kuti ntchito ya kwaya ndi mphindi 5 zija za Lamulungu, titavala yunifolomu, mpingo ukutiyang'ana. Ndinaidziwa ntchito yeniyeni mwezi wa June, usiku wozizira, pa siwa ya mwana wa mmodzi wa aalto athu. Tinafika cha m'ma 8 koloko. Amayi anali m'nyumba, abambo panja pamoto, ife pakhonde. Panalibe pepala, panalibe kuwala kowerengera, panalibe woombera m'manja. Aphunzitsi ankangong'ung'udza do, ife n'kulowa. Cha m'ma 2 koloko mawu anga anayamba kutha, ndipo ndinaona mmene akuluakulu amachitira: amasinthana, awiri akupuma atatu akuyimba, kuti nyimbo isaduke. Imeneyo palibe anandiphunzitsa pa bolodi. Chakum'bandakucha tinayamba nyimbo ija amayi anandiyimbira ndili ndi malungo, ndipo kuchokera m'nyumba, pakati pa kulira, ndinamva mayi wa malemu akulowa pa mzere wawo wa alto, mawu akunjenjemera koma ali pamalo pake. Tonse tinatsitsa kuti tiwamve.

Zambiri sindinazigwirebe. Fe, amene ndi fa wokwezedwa pang'ono, amandiphonyabe ndikakumana naye mwadzidzidzi, ndipo mpweya umandithera pa mizere yaitali chifukwa ndimapumira m'chifuwa m'malo mwa m'mimba. Aphunzitsi andiuza kuti ndizigona chagada m'mawa, buku lili pamimba, n'kumaona ngati likukwera ndikamakoka mpweya. Ndikuchita. Sabata yatha kunabwera mnyamata wina wochokera ku Mchinji, kalata yake ili m'thumba la malaya, ndipo amuika kumanja kwanga. Ali ndi mawu okongola, amphamvu. Ndamubwereka kope langa loyamba, la timabokosi lija, kuti akopere nyimbo ya Lachiwiri, yomwe atenala timalowa tokha pa kugunda kwachitatu.