Lachitatu usiku seva inafa chifukwa cha gc.disable()

Zambiri sabata ino zinali za masiku onse: ma pull request, malipoti a kumapeto kwa mwezi, msonkhano wa Lolemba uja wosatha. Chomwe chandipsetsa mtima ndi cha Lachitatu usiku, pomwe OOM killer ya Linux, yomwe imapha mapulogalamu memory ikatha, inapha pulogalamu yathu ya Python makasitomala ali mkati molipira.

Memory inkangokwera osatsika. Titayatsa tracemalloc, chida chosonyeza komwe memory ikupita, inatilozera pa khodi yogwira zolakwika, yomwe inkasunga exception (chinthu chonyamula uthenga wa cholakwikacho) mu variable ya m'function momwemo. Exception imagwira traceback (mndandanda wa malo omwe khodi inadutsa), traceback imagwira frame (mosungira ma variable a function), frame nayonso imagwira exception ija. Zagwirana zokhazokha.

Pamenepa reference count ilibe mphamvu. CPython, yomwe imayendetsa khodi ya Python, imawerenga kuti ndi zingati zomwe zikuloza chinthu, nambala ikafika pa 0 imachimasula pompo. Koma zinthu zolozana zokhazokha sizitsika kufika pa 0, ngakhale pulogalamu yonse itaziiwala. Imeneyi ndi ntchito ya gc (garbage collector, yotolera zinyalala mu memory), yomwe inabwera ndi Python 2.0: imakopera count ya chinthu chilichonse, n'kumachotsapo 1 paliponse pamene cholozacho chili m'gulu la zinthu zomwe ikuziunikazo. Chimene chatsala ndi nambala yoposa 0 ndiye kuti chagwiridwa kuchokera kunja, chimapulumuka pamodzi ndi zonse zomwe chikuloza. Zina zonsezo ndi zinyalala.

Nanga gc yathu inali kuti? Yozimitsa. Akuluakulu ena anamva kuti Instagram inazimitsa gc mu 2017, basi n'kulamula kuti nafenso tiike gc.disable(). Sanafike pomva kuti anzathuwo ankalimbana ndi copy-on-write pa ma process obadwa ndi fork (ma process ogawana memory yomwe imakopedwa ikangolembedwapo, pomwe gc inkailembapo), ndiponso kuti pambuyo pake nkhaniyo inabala gc.freeze() ya mu Python 3.7, yoletsa gc kukhudza zinthu zomwe zilipo kale. Ife vuto limenelo tinalibe n'komwe.

Kukonza kwake sikunavute. Tinayatsanso gc n'kusiya threshold (manambala ouza gc nthawi yoyamba ntchito) ya Python 3.11 momwe ilili, 700, 10, 10. Variable ya exception tikuifufuta ndi del mu finally, gawo la khodi lomwe limayenda kaya pachitike cholakwika kapena ayi. Pomwe chinthu cha mkati (mwana) chimalozanso chomwe chachisunga (kholo) taikapo weakref, chifukwa iyo siwonjezera count.

Lachinayi lonse linathera polemba lipoti. Lachisanu mabwana ayankha kuti ndalama ya seva yoyeserera palibe, ndipo akufunsa ngati sitingangoika cron yoti iziyambitsanso pulogalamuyo usiku uliwonse.