Kachasu wa m'labotale

Ophunzira a kalabu ya sayansi pa sekondale imene ndimaphunzitsa ku Kasungu anandiumiriza kuti ndiwaonetse ndi maso njira yopangira ether (mankhwala amadzimadzi ouluka msanga) imene Alexander Williamson anaitulukira ku London m'chaka cha 1850. Papepala njirayo ndi yosavuta. Kachidutswa ka sodium kamasungunulidwa mu ethanol (chimene chimaledzeretsa mu mowa) wopanda madzi kuti papezeke sodium ethoxide, kenako amathiramo bromoethane, ndipo ethoxide uja amalowerera kaboni wa mu bromoethane amene wagwira bromine podzera kumbuyo kwake n'kumuthamangitsa bromine. Chotsatira chake ndi diethyl ether pamodzi ndi mchere woyera wa sodium bromide. 

Vuto linali lakuti diethyl ether amawira pa madigiri 35 okha, ndipo unali mwezi wa Okutobala, masana, pansi pa denga la malata. Magetsi anali atazima chim'mawa, kotero ayezi woziziritsira botolo lolandirira anali atasanduka madzi ofunda. Ether anatulukadi, anadontha ophunzira akuwomba m'manja, koma pamene tinamaliza kulemba zimene taona, m'botolomo munali mutatsala fungo lokha.

Fungolo ndi limene linakoka agogo amene amalondera sukulu yathu. Iwo anasuzumira pazenera, naona botolo likuwira, paipi yodutsa m'madzi, timadontho tikugwera m'botolo lina, ndiponso chigubu cholembedwa kuti ethanol. Munthu wokulira kumudzi safunika kumuuza dzina la ntchito yotere. Dzuwa lisanalowe, mbiri inali itafika kumsika kuti aphunzitsi a kemisitiri akutcheza kachasu m'labotale, ndipo ana a eni ake ndi amene akusonkhezera moto.

M'mawa mwake ndinaitanidwa ku ofesi, kumene ndinapeza ahedi, apampando a komiti ya makolo ndi alonda aja atakhala ngati pabwalo la milandu. Ndinafotokoza za Williamson mwatsatanetsatane, mpaka ndinatchula kuti ether yemweyu ndi amene madokotala a ku Boston anagonetsera wodwala pochita opaleshoni mu 1846. Apa alonda anagwedeza mutu mokhutira.

"Mwamva nokha, bwana. Akuvomera kuti amagonetsa munthu."

Apampando anapempha kuti aone chimene ndinapanga. Ndinabweretsa botolo lopanda kanthu ndi kamchere koyera kaja, n'kunena kuti ether anauluka ndi kutentha. Iwo analinunkhiza, nayang'ana ahedi, nati pa zaka zawo zonse amvapo zifukwa zambiri za anthu omwa, koma chakuti mowa unauluka wokha anali asanachimvepo.

Mlanduwo unatha pamene ahedi anatsegula buku la kemisitiri n'kuwaonetsa chithunzi cha zipangizo zomwezo. Koma potuluka, alonda anandikokera pambali nandinong'oneza kuti ngati mowa wanga ukuthawa m'botolo, ndiye kuti ndikuchepetsa madeya, ndipo mlongo wawo wa ku Chamama akhoza kundiphunzitsa katchezedwe kake pa mtengo wachibale.