Nthano ya mwana wosaoneka ija yatha

Abale anga, nthano ya ana imene ndakhala ndikulemba ija ndaimaliza. Ndi ya kamtsikana kamasiye ka Sitandade 5, kokhala kwa azakhali ake ku Ndirande. Tsiku lina kadzuka m'mawa, kangoona kuti palibe amene akukaona.

Pondiwawa polemba panali apa: pakhomopo anatha masiku osazindikira. Ndowa zikudzadza madzi, mbale zikutsukidwa, pabwalo posesa bwinobwino, ndiye akafunsenso chiyani? Woyamba kukasowa ndi mnzake wa pa desiki imodzi, amene ankanyemerana naye chigumu pa buleki.

Ena amene awerengako akuti ndichotse zosaonekazo, ati makolo aziyesa zaufiti. Ndakana. Ana amene amamva za Kalulu wolankhula sangasokonezeke nazo izi. Komanso ana ngati kamtsikana aka alipo m'makomo mwathumu, amadya pomalizira, ndipo dzina lawo limaitanidwa pokhapokha pakakhala ntchito.

Azakhali aja sindinawasandutse chilombo ayi. Ndi mayi wotopa, wolera ana ambiri ndi geni ya tomato.

Pano ndikusaka wojambula zithunzi wodziwa kujambula ana akwathu kuno. Ngati mukumudziwa wina, ndilembereni ku inbox chonde.