Kugulitsa tiyi wa kwathu kuno ku UK, zomwe muyenera kudziwa musanaitanitse katoni yoyamba

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox kuti kodi bizinesi yoitanitsa tiyi kumudzi n'kumagulitsa kuno imayenda bwanji, ndiye ndati ndingolemba pano kamodzi aliyense awerenge. Choyamba mudziwe kuti tiyi wathu kuno alipo kale, wambiri ndithu, kungoti alibe dzina. UK ndi South Africa ndi mayiko amene amagula kwambiri tiyi wa ku Malawi, makampani amamugula ku okushoni ya ku Limbe kapena ku esiteti komweko n'kumusakaniza ndi wa ku Kenya, wa ku Assam ku India ndi kwina, ndipo amamukondera mtundu wake chifukwa amafiira bwino kwambiri ukathira mkaka. Ndiye munthu wa ku Leeds akhoza kumamwa Thyolo m'mawa uliwonse osadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Thyolo. Ine zimenezi zimandiwawa, tiyi anadzalidwa ku Blantyre Mission mu 1878, pofika 1891 mlimi wina dzina lake Henry Brown anali atayamba kulima ku Mulanje, zaka zonsezi koma pa shelefu dzina lathu silioneka.

Musaganize zopikisana ndi masupamaketi pa mtengo, chonde. Anthu kuno pafupifupi onse amamwa wa ma teabag, amagula bokosi la 80, 160 kapena 240 la PG Tips, Tetley, Yorkshire Tea kapena la shopu yomweyo, mtengo wake wotsika moti inuyo ndi katoni zanu zochepa simungaufike olo mutagulitsa opanda phindu. M'ma teabag amenewa mumalowa tiyi wa CTC, uja makina amaphwanya masamba kukhala timibulu ting'onoting'ono, magiredi ngati PF1 ndi dust, ndipo makampani amenewa amagula makontena athunthu.

Ena amati basi ndizigulitsa Chombe kwa a Malawi anzanga. Inde amagula, chifukwa chosowa kumudzi, ndipo ndi poyambira pabwino, koma ndife ochepa komanso aliyense ali ndi m'bale wake amene akubwera ndi sutikesi mwezi wamawa. Mpata weniweni uli kwa anthu amene amagula tiyi wamasamba wa esiteti imodzi ndipo amafuna kudziwa kuti anachokera phiri liti, anathyoledwa liti. Amenewa amalipira bwino. A Satemwa ku Thyolo, esiteti imene inayamba mu 1923, anaziona kale zimenezi, amapanga tiyi wamasamba osaphwanya ndipo Rare Tea Company ya ku London imagulitsa tiyi wawo wotchedwa Lost Malawi, dzina la dziko lili pa chitini pomwepo. Choncho chimene mukugulitsa ndi dzina la malo limodzi ndi kukoma kwake, mukalephera kunena kuti tiyi wanu ndi wa esiteti iti ndiye kuti mwabwerera kukapikisana ndi masupamaketi ngati Tesco.

Tsopano nkhani ya madzi, iyi anthu ambiri saiganizira koma ndi imene imagwetsa kapena kudzutsa malonda. Ku London ndi kum'mwera chakum'mawa kwa England madzi a pampopi ali ndi laimu wambiri chifukwa amadutsa m'miyala ya choko, mukayang'ana m'ketulo mupeza zoyera zitakakamira pansi. Tiyi yemweyo amene amawala bwino ndi madzi a ku Mulanje, kuno amatha kuoneka wakuda bii, pamwamba n'kuyandama kakhungu, kukoma kwake n'kuzilala. Ku Scotland ndi ku Manchester madzi ndi ofewa, tiyi amatuluka mosiyana. Nkhaniyi ndi yaikulu moti a Taylors of Harrogate amapanga Yorkshire Tea wina wapadera wa madera a madzi alaimu. Ndiye musanalipire chilichonse pemphani masampulo angapo, muwafulule ndi madzi a dera limene makasitomala anu amakhala, mulawe opanda mkaka kenako ndi mkaka, chifukwa ambiri kuno amathira mkaka pang'ono wozizira ndipo shuga ena sathira n'komwe. Ife kwathu shuga wambiri amabisa zambiri, kuno tiyi akakhala wofooka amaonekera poyera.

Zamapepala sizoopsa ngati mmene anthu amaopera. Mufunika nambala ya EORI yoyamba ndi GB, imene a kasitomu amakudziwirani polowetsa katundu, ndipo pa mndandanda wawo wa katundu tiyi ali pa code 0902, wakuda wa m'mapaketi osapitirira 3 kg ali payekha, wa m'matumba akuluakulu payekha. Msonkho wolowetsera tiyi wakuda ndi ziro, VAT pa tiyi wouma ndi ziro. Mulembetse bizinesi yanu ya zakudya ku khonsolo masiku 28 musanayambe, olo mukupakira kunyumba. Pa lebulo pakhale dzina la chinthucho, kulemera kwake, tsiku la best before ndi adiresi ya bizinesi yanu. Kwa ogulitsa anu pemphani lipoti la ku labu losonyeza kuti mankhwala ophera tizilombo sanapitirire mlingo, shopu iliyonse yolongosoka idzakufunsani limeneli.

Kumene ndalama zimathera ndi pa thiransipoti. Dziko lathu lilibe doko, katundu wambiri amadzera ku Beira, Nacala kapena Durban, milungu n'kumapita. Woyamba kumene bola pa ndege, ndi zodula pa kilo koma simumangirira ndalama zambiri pa katundu amene simunadziwe ngati ayenda. Ndipo tiyi amakoka fungo ndi chinyontho ngati siponji, musalole kuti apakiridwe limodzi ndi usipa, sopo kapena ufa wa kondowole m'makatoni aja timatumizirana, adzafika akununkha zimenezo ndipo palibe chomwe mungachite. Akhale m'matumba a foil omata bwino, asungidwe pouma. Kumbukiraninso kuti kwathu tiyi wambiri amathyoledwa nthawi yamvula, kuyambira December mpaka cha mu April, ndiye sampulo imene mwaikonda funsani kuti ndi ya loti iti ndipo mugule loti yomweyo, osati ina yofanana dzina.

Pogulitsa ine ndimaona kuti misika ya kumapeto kwa sabata ndi tima cafe ting'onoting'ono ndi kumene kumayenda, chifukwa munthu amalawa kaye. Tengani fulasiki, timakapu, mkaka, ndi mapu osonyeza pamene pali Thyolo ndi Mulanje. Timapaketi ta 50 g kapena 100 g timatuluka msanga kuposa tikuluakulu, ndipo kumbuyo lembani mmene angafululire, supuni zingati, mphindi zingati, chifukwa ambiri anakulira ma teabag ndipo tiyi wamasamba sanamufululepo.