Ku Green Bay, kumene timu ilibe bwana

Kuchokera ku South Bend, mzinda wa ku America komwe alamu anga amakhala, kukafika ku Green Bay ndi ulendo wa maola asanu, kutengera kuchuluka kwa magalimoto mu Chicago. Ukadutsa Milwaukee umakwera msewu wa I-43, womwe umalambalala nyanja ya Michigan, ndipo kuyambira pamenepo ndi minda yokhayokha, makola a ng'ombe za mkaka ndi nkhokwe zitalizitali zosungiramo chakudya cha ziweto. Unali mwezi wa Disembala, minda yonse itakutidwa ndi sinowo. Ine mpira wa ku America sunkandikoka kwenikweni. Anthu amangogundana, kuimaima nkosatha, mpirawo amaugwira ndi manja. Koma alamuwo akhala m'dzikomo zaka zambiri ndipo matendawa anawagwira. "Alamu, musayang'ane mpirawo," anatero tili m'njira, "mukangoona tauniyo basi."

Tauniyo ndi yaing'ono ndithu. Kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 107,000, pomwe m'bwalo la timu yawo ya Green Bay Packers, lotchedwa Lambeau Field, mumalowa anthu oposa 81,000. Green Bay ndi tauni ya mafakitale opanga mapepala, yomwe ili pamene mtsinje wa Fox umathira m'nyanja. Kulibe nyumba zosanjikizana zoti nkudabwa nazo. Umangoyenda pakati pa tinyumba ta anthu wamba, mbendera zobiriwira ndi zachikasu zili petupetu pamakomo, kenako mwadzidzidzi chimbwalo chija chimangotulukira kumapeto kwa msewu, moyang'anizana ndi makhonde a anthu.

Panja pali ziboliboli ziwiri zikuluzikulu. China ndi cha Curly Lambeau, yemwe anayambitsa timuyi, wagwira mpira, akuloza ndi chala. China ndi cha Vince Lombardi, mphunzitsi wotchuka wa timuyi, wavala chijasi, manja ali kumbuyo. Tinagula matikiti oyendera bwalo ndi olowera m'nyumba yosungiramo mbiri ya timu, ndipo mmenemo ndi momwe ndinathera pafupifupi tsiku lonse, alamu akundikoka kuti tikadye.

Timuyi inayamba pa 11 Ogasiti 1919. Lambeau anali mnyamata wa zaka 21, wogwira ntchito pa kampani yoika nyama m'zitini ya Indian Packing Company. Iye ndi mtolankhani wina wa nyuzipepala ya m'tauniyo, George Whitney Calhoun, anasonkhanitsa anyamata, kampaniyo nkupereka madola 500 ogulira yunifolomu ndi zida zosewerera. Dzina loti Packers linachokera pamenepo. Kampaniyo inatha kalekale, koma dzina lidakalipo. Apa ndinakumbukira za kwathu, momwe Bullets inkadziwikira kuti Bata Bullets chifukwa cha kampani ya nsapato, kenako dzina lakutsogolo nkumasintha malinga ndi yemwe wabwera ndi ndalama. Ku Green Bay dzina la Packers linakhazikika.

Masiku oyambirirawo ankasewera pa Hagemeister Park, pamtetete popanda mpanda, ndipo ankayendetsa chipewa pakati pa oonerera kuti aliyense aponyemo kangachepe. Mu 1921 analowa mu ligi yomwe chaka chotsatira inatchedwa NFL, yomwe lero ndi ligi yaikulu ya mpira wa ku America. Nthawi imeneyo matimu ambiri anali a m'matauni ang'onoang'ono: Canton, Akron, Decatur, kenako Duluth, Pottsville ndi Portsmouth. Onsewa anafa kapena anasamukira ku mizinda ikuluikulu. Ya ku Decatur ndi yomwe inasanduka Chicago Bears, adani enieni a Packers mpaka lero, ndipo ya ku Portsmouth inapita ku Detroit mu 1934. Yotsala pamalo pake ndi Green Bay yokha.

Chomwe chinaipulumutsa chili pakhoma lina m'nyumbamo, ndipo si chikho koma mapepala. Mu 1923 timu ili m'ngongole, amalonda a m'tauniyo, motsogozedwa ndi Andrew Turnbull wa nyuzipepala ya Green Bay Press-Gazette, anaisandutsa bungwe losapanga phindu nkuyamba kugulitsa masheya pa madola 5. M'zaka za m'ma 1930 wochemerera wina anagwa kuchokera pa mabenchi a bwalo, nasumira timu nkupambana mlandu, kampani ya inshuwalansi yomwe ikanalipira nayo nkugwa. Timu inalowa m'manja mwa khoti. Anthu anagulanso masheya mu 1935. Mu 1950 zinthu zinafikanso pothina, Lambeau mwiniwake atakangana ndi akuluakulu a bungwe nkuchoka kupita ku Chicago Cardinals, ndipo anthu anapisanso m'thumba, ulendo uno pa madola 25. Kugulitsa kwina kunachitika mu 1997, 2011 ndi 2021, pomwe sheya imodzi inafika pa madola 300. Lero eni timuyi ndi anthu oposa 500,000.

Ndinaima nthawi yaitali kuwerenga malamulo a masheyawa chifukwa ndinkafuna kuona pomwe pali phindu. Palibe. Sulandira kalikonse pakutha pa chaka. Sungagulitse sheyayo pamsika. Sikupatsa mwayi wa tikiti. Chomwe umapeza ndi chikalata chopachika pakhoma ndi voti pa msonkhano wa pachaka wosankha mabwana a bungwe, womwe umachitikira m'bwalo momwemo. Palinso malire a masheya omwe munthu mmodzi angakhale nawo, kuti wachuma wina asameze timu yonse. Ndipo timu itagulitsidwa, ndalamazo sizipita kwa eni masheya. Poyamba malamulo ankati zidzamangire chipilala chokumbukira asilikali, ndipo kuchokera mu 1997 amati zidzapite ku thumba la ntchito zachifundo la timuyo. Ndiye palibe yemwe angapindule poisamutsa.

Alamu ali ndi sheya imodzi ya mu 2021, ndipo amadzitcha mwini timu popanda manyazi. Ndinawauza kuti chimenecho ndi chopereka chabe, angochipatsa dzina lolemekezeka. Anati inde, ndi chopereka, nanga vuto lili pati? Yankho ndinalibe. Komabe pali mbali ina yomwe otiyendetsa sanaikokomeze. Masheya okha sakanatha kulipira osewera a masiku ano. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, matimu a NFL amagawana mofanana ndalama za wailesi yakanema, kaya timu ili ku New York kaya ku Green Bay. Popeza Packers ndi ya anthu, imalengeza poyera ndalama zake chaka ndi chaka, ndipo posachedwapa gawo lake lochokera ku ligi ladutsa madola 400 miliyoni pachaka. Chodabwitsa nchakuti ligi yomweyo inaletsa timu ina iliyonse kukhala ndi umwini woterewu. Packers anangoisiya chifukwa inalipo lamulolo lisanabwere.

Mbali ya Lombardi ndi yomwe munkadzaza anthu. Anabwera mu 1959 kuchokera ku New York Giants, komwe anali wothandizira mphunzitsi, timu itapambana masewero amodzi okha chaka chapitacho. M'zaka zisanu ndi zinayi anatenga ukatswiri kasanu: 1961, 1962, 1965, 1966 ndi 1967, kuphatikizapo ma Super Bowl awiri oyambirira, omwe ndi masewero a ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri. Atamwalira mu 1970, chikho cha Super Bowl anachitcha dzina lake. Aika ofesi yake mmenemo monga momwe inkaonekera, tebulo, lamya, makina oonetsera filimu za masewero.

Ine chomwe chinandigwira mtima ndi china. Green Bay ya nthawi imeneyo inali tauni ya azungu okhaokha pafupifupi, ndipo osewera akuda ankavutika kupeza nyumba ngakhale ometa tsitsi. Lombardi, mwana wa banja lochokera ku Italy yemwe naye analawako tsankho, anauza eni mabala ndi malo odyera kuti yemwe akane kutumikira wosewera wakuda, timu yonse sidzapondako. Willie Davis, Herb Adderley ndi Willie Wood anakhala mizati ya timuyo. Ndinayang'ana zithunzi zawo ndikuganiza za kuzizira ndi kusungulumwa komwe anapirira, chifukwa ngakhale tsiku lomwe tinalikolo, anthu akhungu lathu tinkangowerengeka.

Kunena za kuzizira, aliyense kumeneko amakamba za masewero a pa 31 Disembala 1967 olimbana ndi Dallas Cowboys, omwe amawatcha Ice Bowl. Kunazizira mpaka madigiri 25 pansi pa ziro. Mawaya otenthetsa bwalo omwe anakwiriridwa pansi pa kapinga analephera, nthaka nkuuma gwa. Wezulo ya woyimbira inamata pamilomo, moti oyimbira anangoyamba kukuwa ndi pakamwa. Anthu oposa 50,000 anakhala pompo mpaka kumapeto, pomwe wosewera wa Packers, Bart Starr, kutatsala masekondi 16, anadziponya yekha ndi mpira kudutsa mzere, Packers nkupambana 21 kwa 17. Pomwe wotiyendetsa ankatilozera kumene zinachitikira, ine zala zinali zitafa kale m'magolovesi, chikhalirecho tsikulo eni ake ankati kunja kuli bwino.

Lombardi atachoka kunabwera chilala. Kuyambira 1968 mpaka 1991 timu inafika m'ndime ya chipulula kawiri kokha, ndipo khoma la zaka zimenezi ndi lalifupi. Zinasintha atabwera osewera Brett Favre mu 1992 ndi Reggie White mu 1993, nkutenga Super Bowl ya nyengo ya 1996. Aaron Rodgers anabweretsa ina ya nyengo ya 2010, kukwanitsa zikho 13, zomwe palibe timu ina mu NFL yazifikira. Koma ngakhale m'chilala muja bwalo linkadzaza. Matikiti akhala akutha masewero aliwonse kuyambira 1960, ndipo mndandanda wa odikira matikiti a nyengo yonse uli ndi mayina oposa 100,000. Makolo amalembetsa mwana akangobadwa.

Anatilowetsa kudzera mu mpita womwe osewera amatulukira, mpaka m'mphepete mwa kapinga, koma kupondapo ayi. Bwaloli linatsegulidwa mu 1957 ndipo linapatsidwa dzina la Lambeau mu 1965, iye atamwalira. Analikonzanso mu 2003 ndi thandizo la msonkho womwe anthu a m'boma la Brown, momwe muli Green Bay, anavomera okha pa voti, komabe malo ambiri okhala adakali mabenchi achitsulo opanda potsamira. Sinowo ikagwa yambiri, timu imaitana anthu a m'tauni kudzaikokolola ndi mafosholo, nkuwalipira pa ola.

Lamulungu kunali masewero. Matikiti ogula kwa ena anali okwera mtengo kwambiri, ndiye tinangozungulira panja. Eni nyumba zoyandikana ndi bwalo anaima pamsewu ndi zikwangwani, kuitanira magalimoto kuti aimike pa kapinga wa pakhomo pawo, ndalama nkumalandira pamanja. Kuseri kwa magalimoto anthu ankawotcha masoseji onenepa omwe amati ma brat, mowa uli m'manja, ena atavala zipewa zooneka ngati chibenthu cha tchizi. Bambo wina wachikulire atamva kuti tachokera ku Malawi anatipatsa soseji aliyense, nkufunsa ngati kwathu timaonera Packers. Ndinamuuza zoona, kuti kwathu Loweruka ndi Lamulungu ndi za ligi ya ku England. Anapukusa mutu, nkundiwonjezera soseji ina. Masewerowo tinakaonera pa kanema m'bala ina pafupi pomwepo, alamu akundifotokozera lamulo lililonse mokuwa, ndipo tinanyamuka asanathe kuopa mdipiti wa magalimoto pa I-43.