Majampu a kumaenje a njerwa: pomwe tafika, ndi momwe anyamata ayambira kugwira fosholo

Papita nthawi ndisanalembe za majampu athu aja, milu ya dothi yodumphapo pa njinga, ndiye lero ndati ndikhale pansi ndifotokoze pomwe tafika, makamaka nkhani ya anthu, chifukwa kunena zoona dothi silinandivutepo ngati mmene yandivutira nkhani yopeza anthu othandiza. Kwa inu amene simunaone zam'mbuyomu, malo athu ndi maenje akale oumbamo njerwa kunja kwa Lilongwe mbali ya ku Likuni. Eni ake ndi bambo ena achikulire amene anasiya kuumba, anativomera kuti tizisewerapo bola tisakhudze mitengo yawo ya mango komanso tisakumbe kufupi ndi munda. Tinakagwadanso kwa a nyakwawa kuti adziwe, poti malo a eni sungangofika ndi piki n'kuyamba kukumba anthu akukuyang'ana.

Pano tili ndi mzere umodzi wa majampu anayi. Atatu oyamba ndi a thebulo, kutanthauza kuti pakati pa ponyamukira ndi pofikira tinadzazapo dothi, ukalephera kufika umangotera pamwamba n'kupitirira bwinobwino. Lachinayi ndi la mpata, pakati pake palibe kanthu, ndiye limenelo ndi la amene azolowera basi. Loyamba limandifika m'mawondo, lachitatu m'chiuno, lachinayi ponyamukira pake pandifika pachifuwa. Kumapeto tinaika kona yopendekeka yoti uzitembenukirapo osagwira buleki. Dothi lake ndi katondo uja wofiira, ndipo ameneyu ukamuthira madzi bwino n'kumutsendera amauma gwa ngati simenti, koma ukasakaniza ndi dothi lapamwamba lija la mizu ndi udzu, pakangopita masabata angapo limafumbutuka lokha chifukwa zinyalalazo zimaola mkati.

Tsono kuyambira Meyi mvula itangosiya mpaka cha mu Ogasiti, okumba tinali awiri basi, ine ndi msuweni wanga. Madzi timatunga pachitsime cha kudambo, zigubu za malita 20, chimodzi ndi makilo 20 amenewo, ndiye tangoganizani kukankha wilibala ya zigubu zitatu kukwera kamtunda kaja maulendo asanu ndi limodzi usanayambe n'komwe kuumba. Koma likafika Loweruka masana anyamata amabwera mpaka khumi ndi asanu, ena pa njinga zazing'ono za BMX za matayala a mainchesi 20 zogula pakaunjika, ena pa mauntenibaiki, ena ndi njinga za kabaza zomwe atachotsa kashoni. Amakwera mpaka dzuwa kulowa, kumanga buleki pofikira penipeni tayala n'kumakumba mzere, ena kukwera wapansi ponyamukira mpaka mlomo wake kugumuka, kukada aliyense ulendo kwawo. Lolemba ndikaweruka kuntchito ndimapeza zonse zaphwasuka, ndiyambirenso. Mtima unkandiwawa zedi abale, tsiku lina ndinangokhala pa wilibala osagwira kanthu mpaka mdima.

Ndiye ndinachita zomwe ndinaona anzathu akunja amachita. Kumeneko okumba majampu ali ndi lamulo lawo lodziwika loti wosakumba asakwere, ndinalilemba pa pulanga ndi penti n'kulikhomera pamtengo. Sizinathandize olo pang'ono. Ana ang'onoang'ono anasiya kubwera poganiza kuti ndawathamangitsa, akuluakulu aja anayamba kubwera mkati mwa sabata ine kulibe, ndipo wina anandiuza maso ndi maso kuti achimwene malo ano si anu, mwawapeza ngati ife tomwe. Zinandipweteka koma sananame. Malowo alibe mpanda, si anga, ndipo ine sindine mlonda. Pulanga lija ndinalichotsa patatha masabata awiri.

Chimene chinanditsegula maso ndi mnyamata wina wa kabaza amene amaima pasiteji ya kufupi ndi msika. Ndinamufunsa bwinobwino kuti aise bwanji simuthandiza, iye akuti achimwene tsiku lija ndinagwira fosholo munandilanda mukuti ndikuononga, ndipo pomwe ndinathira dothi m'mawa mwake ndinapeza mwachotsa mwaumbanso. Ndinakumbukira kuti zoona ndinatero. Ndinkafuna ponyamukira pakhale ndendende mmene ndinaonera m'mavidiyo, ndiye aliyense akagwira ndimaima kumbuyo kwake n'kumamukonza. Anyamata aja m'mitima mwawo anali atamaliza kale kuti majampu ndi a mkulu uja, ife ndife alendo, ndipo mlendo sakonza denga la nyumba ya eni. Sikuti anali aulesi ayi, ambiri mwa iwo amadzuka folo koloko kukapalasa ndi katundu wolemera kuposa wilibala yanga.

Maganizo a dima anachokera kwa mayi anga. Nditawadandaulira anangoti kodi kwanu kuno munthu akafuna kulimitsa munda waukulu amakhoma chikwangwani? Amafulula thobwa n'kuitana anthu. Ndiye tinatero, Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, ndowa ya thobwa, chinangwa chophika, ndi uthenga pa gulupu ya WhatsApp woti tikumanga jampu latsopano amene akufuna kunenapo mmene likhalire abwere. Mawu oti kunenapo aja ndi amene anagwira ntchito, ndikuona choncho. Anabwera anthu khumi ndi mmodzi. Ndinajambula pansi ndi kamtengo n'kufunsa kuti liyambire pati, litalike bwanji, anakangana pafupifupi ola lathunthu ine ndili chete, ndipo zomwe anagwirizana zinali zosiyana ndi zomwe ndinali nazo m'mutu, iwo anafuna pofikira patali ndiponso potakata kuti amene ali ndi njinga zolemera asamaphonye. Tinamanga mmene ananenera. Lero jampu lachitatu limenelo ndi lomwe aliyense amalikonda kuposa onse.

Pa dima lomwelo mpamene ndinadziwa kuti mnyamata wa kabaza uja anaumbapo njerwa zaka zingapo ndipo dothi amalidziwa kundiposa kutalitali. Ine ndinkathira madzi pamwamba n'kumenya ndi fosholo nthawi yomweyo, ndiye kunja kumaoneka kosalala koma mkati muli fumbi louma, dzuwa likawomba chikhungwa chija chimang'ambika n'kusweka. Iye anati ayi, dothi liziviikidwa madzulo ligone usiku wonse ngati la njerwa, m'mawa madzi amakhala alowerera paliponse. Anationetsanso kayesedwe kake, kufumbata m'dzanja, likagwirana osamata zala ndiye lapsa, likamatuluka m'mipata ya zala madzi achuluka, likamwazika ukatambasula dzanja madzi achepa. Ndipo kuthira kwake pang'onopang'ono, muyezo wa chikhatho, kupondaponda ndi mapazi, kumenya ndi kumsana kwa fosholo, kenako kuthiranso. Zimachedwa koma jampu lachitatu lija chimangireni silinang'ambikepo. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya dothi amalamula ndi iyeyo, ine ndimangomva, ndipo anzake a pasiteji anayamba kubwera chifukwa cha iye osati ine.

Chinanso chomwe tinachita n'kugawana majampu. Lililonse lili ndi eni ake awiri kapena atatu, likagumuka sitifunsa kuti waononga ndani, timangodziwa okonza. Zinandidabwitsa mmene anthu asinthira, munthu yemwe uja ankamanga buleki pofikira pano ndi amene amakuwa kuti iwe usatsetsereke pamenepo ndathira madzi dzulo. Pa nkhani yosamala majampu lamulo latsala limodzi lokha ndipo analipanga okha: ukafika, usanakwere, sesa timiyala ndipo thira keni imodzi ya madzi ponyamukira. Mphindi khumi basi. Jampu louma likamakweredwa limatha ngati sopo, koma lonyowetsedwa pang'ono matayala omwewo ndi amene amalitsendera.

Ana ang'onoang'ono aja amene anasiya kubwera ndinawatsata ndekha kukawapepesa. Tinawapangira kanjira kawo pambali, timitumbira ting'onoting'ono totsatizana tomwe umayendapo mopanda kupalasa, kumangokankha njinga ndi thupi potsika. Ntchito yawo ndi kutola miyala ndi zidutswa za njerwa m'dothi lisanapite pa jampu, ndipo amaigwira mosamala kuposa akuluakulu. Pali atsikana awiri apachibale amene amabwerekana njinga imodzi ya mchimwene wawo, wamkuluyo sabata yatha wadumpha thebulo loyamba matayala onse awiri m'mwamba, anthu tonse tinakuwa mpaka eni malo anatuluka m'nyumba kudzaona.

Sikuti zonse zili bho ayi. Fosholo imodzi inasowa pa dima lachiwiri ndipo sinapezeke, pano zida zonse timasungitsa kwa eni malo, mafosholo atatu, makasu awiri, piki, reki, wilibala ndi makeni awiri. Mwana wina anagwa pa jampu lachiwiri n'kunyuka pachigongono ndi pachibwano, mayi ake anabwera atakwiya kwambiri ndipo sindinawatsutse, mwana wawo anakwera opanda chipewa ife tikuona. Tinasonkherana n'kugula mahelemeti atatu apakaunjika oti azibwerekedwa, ndipo jampu lachitatu ndi lachinayi palibe amakwera mutu uli pamtunda, olo akhale wamkulu bwanji. Mbuzi nazo zimakonda kugona pamwamba pa thebulo usiku ndipo ziboda zake zimaboola dothi likakhala lonyowa, tayesa kutchinga ndi minga koma minga yomweyo ikuboola machubu, ndiye pamenepo tikuganizabe.

Bambo wina wa m'mudzimo anatipeza tikukumba n'kunena kuti anthu akuluakulu ndevu pepeya kumaumba zulu ngati chiswe, bwanji osakalima. Sindinakwiye, ndinawafotokozera kuti masewerowa anayamba chonchi, ana a ku California cha m'ma 1970 ankatengera anthu a mpikisano wa njinga zamoto n'kumadzipangira tinjira tawo pamalo opanda nyumba, ndipo pofika 2008 mpikisano wa BMX unalowa mu Olympics ku Beijing. Anangogwedeza mutu koma anakhala pansi kuonerera mpaka madzulo. Anyamata nawo ndinawaonetsa pafoni mavidiyo a Darkfest, chionetsero chodumpha pa njinga cha ku South Africa kufupi ndi Stellenbosch chimene amatsogolera Sam Reynolds, majampu ake aatali kuposa nyumba. Koma sindinawaonetse kudumphako kokha ayi, ndinasaka dala gawo lomwe akumanga, kuti aone kuti ngakhale kumeneko komwe dothi amaunjika ndi makina, pomaliza ndi anthu okwera njinga omwewo amene amagwira mafosholo ndi mapaipi a madzi kusalaza ponyamukira. Mnyamata wina anaonerera kawiri n'kunena kuti kani azunguwa amamenyanso ndi kumsana kwa fosholo ngati ife.

Panopa tili mu Okutobala ndipo kutentha kwake sitingagwire masana, timayamba faifi m'mawa kapena kudikira folo madzulo. Chitsime cha kudambo chatsika kwambiri, ndipo tinagwirizana kuti sititunga amayi asanatunge, madzi akumwa ndiye oyamba, ife timatenga otsala kapena a mithope a pansi omwe kwa ife ndi abwinonso. Chizimalupsa chinagwa sabata yapitayi ndipo chinatithandiza kwambiri chifukwa chinationetsa pomwe madzi amaima. Paja awa ndi maenje, madzi onse a kumtunda amathera momwemo. Pakati pa jampu lachiwiri ndi lachitatu panadikha chithaphwi chofika m'kakolo, ndipo kona yopendekeka ija inasanduka ngati beseni. Zikanakhala kuti ndili ndekha bwenzi nditataya mtima, koma m'mawa mwake ndinapeza uthenga pa gulupu, eni ake a jampu lachitatu atapita kale ndi makasu kukatsegula kanjira ka madzi ine ndisanadzuke n'komwe, anatumiza chithunzi miyendo ili matope okhaokha.

Ndiye ntchito yatsala mvula yeniyeni isanayambe mu Novembala ndi ngalande. Tikufuna imodzi yaikulu kumtunda yoti izipatutsa madzi asanalowe m'dzenje, ndi tina tating'ono m'mbali mwa jampu lililonse totsetserekera kudambo, komanso pansi pa njira pakati pa majampu tipendeketse pang'ono kuti madzi asamagone. Eni malo atiuza kuti ngalandeyo isaloze kumunda kwawo ndipo atilozera okha pomwe madzi ankadutsa kale nthawi yomwe ankaumba. Zofunditsira tikusoka masaka a feteleza akale kuti tiziphimba ponyamukira ndi pofikira, a ulusi aja ayi chifukwa chiswe chimadya, ndipo m'mphepete tizitsamiza ndi njerwa zosweka zomwe zili mbwee pamalopo. Nkhani yovuta idzakhala yoletsa anthu kukwera dothi lili lofewa, tayala limodzi pamatope limasiya mzere womwe ukauma umagwetsa munthu, koma ulendo uno sindilemba pulanga, ndaisiya m'manja mwa eni majampu akambirane okha Lamulungu.

Amene muli kufupi ndipo muli ndi khasu kapena fosholo yongokhala, dima la ngalande ndi Lamulungu likubwerali folo koloko madzulo, thobwa likhalapo, njinga mubwere nayo koma tikwera tikamaliza kukumba mbali ya kumtunda. Tikusowanso masaka ena pafupifupi makumi awiri ndi singano yaikulu yosokera.