Zikhomo za tenti pa nthaka ya miyala: potuluka mu Lusaka m'chilimwe

Pafupifupi msewu uliwonse wotuluka mu Lusaka m'chilimwe umakafikitsa munthu pa nthaka yokana chikhomo. Mzinda weniweniwu unamangidwa pa thanthwe. Wodutsa ku Kanyama, ku Misisi kapena ku Chilanga amaona yekha miyala yotuwa itatuluka pamwamba pa dothi, amayi akuiphwanya m'mbali mwa msewu kuti agulitse kwa omanga nyumba. Mvula ikasiya mu Epulo, kadothi kochepa kokuta miyalayo kamayamba kuuma, ndipo pofika Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi, kamakhala ngati njerwa yowotcha. Nthawi imene tenti ikufunika kugwira zolimba ndi yomweyo imene chikhomo chimavuta kulowa.

Nthaka imasiyana malinga ndi kumene mwalowera. Mukatsika kum'mwera, kudutsa Kafue n'kukhotera ku Siavonga m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, mupeza zitunda za miyala yokhayokha. Msewu wa Great East, mukapitirira Chongwe ndi Rufunsa kulowera ku mlatho wa Luangwa, ndi wa mapiri, dothi losakanikirana ndi nsangalabwi. Kumadambo a Kafue kuli makande, dothi lakuda lija limene dzinja limamata ngati ulimbo koma chilimwe limang'ambika ming'alu n'kuuma gwa. Malo onsewa, tizikhomo tobwera m'thumba la tenti sitikuthandizani. N'twa waya wopyapyala, mamilimita 3 kapena 4, topindidwa kumutu ngati ngowe. Mukamenya, mphamvu ya hamala imagwera pambali pa waya osati pakati pake, ndiye nsonga ikangogunda mwala, wayayo amapindika. Mukamuwongola amapindikanso pomwepo, mosavuta kuposa poyamba. Za pulasitiki zimangothyoka mutu. Zija zotakata ngati chilembo cha V n'zamumchenga; muzisungire magombe a Zambezi.

Chikhomo cha nthaka youma chizikhala ngati msomali waukulu: chachitsulo, chowongoka, mutu wafulati woti hamala itere pakati. Kunenepa kwake mamilimita 8 mpaka 10, kutalika masentimita 25 mpaka 30. Chachifupi kuposa 20 sichigwira tenti ya banja mphepo ikakula, ndipo chachitali kuposa 30 nthawi zambiri chimatsala theka panja, pamenenso chimapindikira.

Zabwino kwambiri mwa zimene tingapeze kuno n'zopangitsa kwa owotcherera a ku Kalingalinga kapena ku Garden. Koma muwauze bwino chimene mukufuna, chifukwa mukangoti zikhomo, adzakudulirani Y12, chitsulo chomangira nyumba chonenepa mamilimita 12, n'kupinda mutu, basi. Pemphani chitsulo chosalala cha R10, chonenepa mamilimita 10. Cha mizeremizere chija cha Y10 chimagwira nthaka kwambiri, n'zoona, koma m'mawa pozula mudzavutika nacho, komanso mizere yake imadya chingwe. Chitsulo cha mamita 6 chimatulutsa zikhomo 20 za masentimita 30. Chimodzi chimalemera magalamu pafupifupi 185, zonse pamodzi makilogalamu 3.7, katundu wa pagalimoto osati wa pamsana. Nsonga anole pang'ono chabe, sentimita imodzi ndi theka, yokhala ngati ya pensulo yobuntha. Yosongoka ngati singano imaoneka bwino koma imapinda ikangokumana ndi mwala woyamba. Ngowe yokolekapo chingwe isakhale mutu weniweniwo: awotcherere kachitsulo kakang'ono cham'mbali, masentimita 2 kapena 3 kutsika kuchokera pamwamba, koloza pansi, kapena washa wokhuthala. Akamaliza kuwotcherera asaviike m'madzi, chizizire chokha. Chitsulo choziziritsidwa mwadzidzidzi chimatha kuuma mopitirira n'kudzathyokera powotchererapo. Kenako pakani mituyo penti wowala, wachikasu kapena wofiira. Chikhomo chakuda pa nthaka yofiira sichioneka usiku, ndipo chala cha kuphazi chikagunda R10 ulendo umatha kukoma.

Ngati nthawi yakutherani, misomali ikuluikulu ya mainchesi 8 kapena 10 ya m'masitolo a zomangira, mutalowetsa washa, imagwira ntchito pa tenti yaing'ono. Ya mainchesi 6 ija ndi yaifupi kwambiri pa zingwe zokokera.

Oyenda pansi ndi chikwama sanganyamule zitsulo zonsezi. Iwo afune zikhomo za aluminiyamu wolimba zooneka ngati chilembo cha Y ukaziyang'ana kumutu, za masentimita 18 kapena 19. Mapiko atatuwo amakana kupindika, ndipo pa katondo wouma zimalowa ndithu. Pa miyala, mutu wake umaphwanyika ukamenyedwa kwambiri, choncho onjezani zachitsulo ziwiri zoboolera njira: khomani chachitsulo, zulani, lowetsani cha aluminiyamu m'bowomo.

Hamala ikhale yachitsulo, ya kilogalamu imodzi. Ya labala imangodumpha.

Pokhoma m'pamene ambiri amaonongera zikhomo zabwino. Tinazolowera kumva kuti chikhomo chipendeke madigiri 45, ndipo pa dothi lofewa zimenezo n'zoyenera. Pa nthaka youma chiimikeni pafupifupi chilili, mutu utapendekera pang'ono kumbali yosiyana ndi tenti. Mukachipendeketsa kwambiri chimangoyenda m'chikhakha cha pamwamba, chikhakhacho n'kusweka ngati phale. Menyani pang'onopang'ono koma kambiri, ndipo muzimvetsera. Chikhomo chikamalowa chimalira mogonthera. Chikagunda thanthwe chimalira kuti ngwee, hamala n'kubwerera m'dzanja. Mukamva choncho siyani. Zulani, sunthani masentimita 10, yesaninso. Kukakamiza sikuboola thanthwe, kumangopinda chitsulo ndi kufutukula mutu ngati bowa, ndipo tizidutswa ta m'mphepete mwa mutu wotero timathetheka n'kulowa m'maso. Mitu yofutukuka muziinola mukabwerera kunyumba. Chingwe chikoleke pansi penipeni, chogunda nthaka. Chikakhala m'mwamba, mphepo imagwedeza chikhomo mpaka bowo litakula.

Pa makande ndi katondo madzi amathandiza. Kumbani kadzenje ndi nsonga, thirani theka la lita, dikirani mphindi 10 mpaka 15, kenako khomani. Dothilo likaumanso limagwira chikhomo ngati simenti. Musakhome m'ming'alu ya makande ngakhale ikukopa. M'mbali mwake mumagumuka. Pa nsangalabwi madzi amangotayika.

Amene ali ndi dirilo ya batire angagwiritse ntchito masikuluwu aakulu a mutu wa mbali 6, a M10 (onenepa mamilimita 10), otalika masentimita 20 mpaka 25, okhala ndi washa. Amamangidwa ndi soketi ya mamilimita 17, ndipo amatuluka mosavuta mukabweza dirilo. Koma musasiye hamala kunyumba, batire limatha.

Nanga pathanthwe penipeni, monga m'malo ena a ku Siavonga, pamene palibe chimene chingalowe? Pamenepo chikhomo chimagona. Talikitsani chingwe ndi mita imodzi, mangani pakati pa chikhomo kapena pa kamwala kokwana m'dzanja, goneketsani pansi, ndipo patsogolo pake, mbali ya ku tenti, sanjikani mwala waukulu wofuna manja awiri pamwamba pa chingwecho. Mphepo ikakoka, kachikhomo kamakodwa kuseri kwa mwala waukulu. Kumangirira chingwe pa mwala umodzi wobulungira sikugwira, chimapulumuka. Pamene chingwe chikukhudza mwala wakuthwa ikanipo chidutswa cha chubu cha tayala, apo ayi chidzaduka usiku. Mwala uliwonse muziyamba mwautembenuza ndi nsapato kapena ndodo, kunsi kwake kutsegukire kutali ndi inu, chifukwa m'chilimwe pansi pake m'pogona zinkhanira ndi njoka. Pochoka mubwezere miyalayo pamene munaitenga, makamaka m'malo otetezedwa ngati Lower Zambezi ndi Kafue, ndipo musakhome msomali pamtengo.

Kuchuluka kwake werengani motere: ngodya zonse za tenti, zingwe zonse zokokera, kuonjezapo zinayi zapadera. Tenti wamba ya anthu anayi imafuna 12 mpaka 16. Zolimba kwambiri zipite mbali yochokera mphepo, imene kuno m'chilimwe nthawi zambiri imakhala kum'mawa kapena kum'mwera chakum'mawa.

Pozula musakoke ndi chingwe cha tenti, mudzang'amba msoko. Gogodani mutu cham'mbali kawiri katatu, kolekani chikhomo china pa ngowe, potozani, ndipo kokani motsata mmene chinalowera. Pukutani dothi, pakani oyilo pang'ono kuti dzimbiri lisagwire, n'kuzisunga m'thumba lawolawo la seyilo, kutali ndi nsalu ya tenti.